Maduro yamphamvu: mphamvu yake imachokera kuti, ndipo timwere chiyani?

A Phiri:
Akuluakulu nonse a pagulu lino, ndili ndi funso limene ndikufuna kuti tilikambirane mofatsa, chifukwa mayankho amene ndakhala ndikumva sakugwirizana. Anthu ambiri osuta cigar amakhulupirira kuti tsamba lakunja likakhala lakuda kwambiri ndiye kuti cigar imeneyo ndi yaukali, ndipo amene sanazolowere asaiyandikire. Komatu ine ndasutapo maduro (dzina la cigar za tsamba lakunja lakuda) yakuda bii imene inali yofatsa ndi yotsekemera kuyambira poyatsa mpaka pomaliza, ndipo ndasutaponso ina ya tsamba lofiirira chabe imene inanditulutsa thukuta ndisanafike pakati. Kodi mphamvu ya maduro imachokera kuti kwenikweni? Ndipo ikakhala yamphamvu zedi, yopangidwanso mwaluso, chakumwa choyenda nayo bwino ndi chiti, popeza ena amati whisky, ena amati khofi, pamene ena amati madzi okha basi?

A Ngozo:
Achimwene a Phiri, lilime lanu silinakunamizeni. Cigar yokulungidwa ndi manja ili ndi masamba a m'kati, tsamba lomangira limene limawagwira pamodzi, ndi tsamba lakunja limene maso athu amaona. Chikonga chochuluka chimakhala m'masamba a m'kati, poti ndiwo ambiri pa kulemera kwa cigar yonse, ndipo kuchuluka kwake kumadalira malo amene tsambalo linathyoledwa pa phesi la fodya. Masamba a m'munsi, otchedwa volado, ndi opyapyala ndipo alibe kukoma kwenikweni, koma amayaka bwino kwambiri. A pakati, seco ndi viso, ndiwo amabweretsa fungo. A pamwamba, otchedwa ligero, amakhala padzuwa nthawi yaitali ndipo amathyoledwa pomaliza, motero amakhala okhuthala, amafuta, odzaza chikonga ndiponso ochedwa kuyaka. Wosakaniza fodya akafuna cigar yaukali amachulukitsa ligero, kawirikawiri ya ku Estelí m'dziko la Nicaragua, kumene dothi lakuda limabala fodya wamphamvu kuposa wa ku chigwa cha Jalapa amene amadziwika ndi kutsekemera ndi kununkhira. Akatero cigar yakhala yaukali, kaya kunja aiveka tsamba lakuda kapena lofiirira.

Kuda kwa maduro kumabwera makamaka ndi kuvundika. Masamba akauma m'chigafa amawawaza madzi n'kuwaunjika m'milu ikuluikulu yotchedwa pilón. Mulu umatentha wokha m'kati mwake monga umachitira mulu wa manyowa, ndipo antchito amalowetsamo choyezera kutentha. Kutentha kukafika pamene akufuna amaphwasula mulu wonse, kukutumula masamba, n'kuumanganso kuti a m'kati apite kunja ndipo a kunja alowe m'kati. Tsamba la maduro limavundikidwa nthawi yaitali ndiponso pa kutentha kokwera kuposa masamba ena. Pa nthawi imeneyi ammonia imatuluka, kulasa kwa pakhosi kumachepa, tsamba limada, ndipo kutsekemera kumene timakukonda kuja kumayamba kumveka. Choncho ntchito imene imadetsa tsamba ndi yomweyonso imene imalifewetsa ukali.

A Mbewe:
Bambo Ngozo, mwafotokoza bwino, koma ndikuona kuti tsamba lakunja mwalichepetsa mopyola. Tsamba lopyapyala ngati Connecticut Shade, limene limalimidwa pansi pa nsalu zotchinga dzuwa, silingapirire kuvundika kotereku, limangong'ambika. Amene amafuna maduro amasankha tsamba lokhuthala, lokulira padzuwa, ndipo nthawi zambiri la chakumtunda kwa phesi, komwe kulinso chikonga chambiri. Ndiye sitinganene kuti tsamba lakunja silibweretsa mphamvu ngakhale pang'ono. Chikhulupiriro chimene a Phiri atchulacho chili ndi pamene chinachokera.

A Ngozo:
Pamenepo ndikuvomerezani, achimwene. Tsamba la maduro limawonjezera kulemera kwa utsi m'kamwa, ndipo chikonga lili nacho ndithu. Chimene ndikukana ndi kuyeza mphamvu ndi maso. Tisiyanitse zinthu zimene anthu amaziphatikiza. Pali mphamvu, imene ndi chikonga ndipo imamveka m'mutu ndi m'mimba. Palinso kulemera kwa utsi, kumene kumamveka palilime ndi m'kamwa monse, ndipo kukoma ndi nkhani inanso payokha. Maduro zambiri zimakhala ndi utsi wolemera ndi kukoma kodzaza pamene mphamvu yake ili yapakatikati. Amene akufuna kudziyesera yekha atenge Padrón 1964 Anniversary Series ziwiri za msinkhu umodzi, ina natural (ya tsamba lakunja lofiirira) ina maduro, azisute masiku awiri otsatizana pa nthawi yofanana ya tsiku. Kampani imeneyi inayambitsidwa ndi José Orlando Padrón ku Miami mu 1964, ndipo mtundu umenewu unatuluka mu 1994 pokondwerera zaka 30. Fodya wake ndi wa ku Nicaragua. Ine ndimapeza kuti maduro imapendekera ku koko ndi khofi, natural imapendekera ku mtedza ndi fungo la mtengo, koma m'mutu zonse ziwiri zimandifika mofanana.

A Nabanda:
Ndikupempha kuti tisamakambe za maduro ngati kuti ndi tsamba limodzi, chifukwa kusiyana kwa masamba amenewa ndi kumene kumatsogolera nkhani ya chakumwa imene a Phiri afunsa.

Connecticut Broadleaf imalimidwa padzuwa m'chigwa cha mtsinje wa Connecticut ku America, ndipo pokolola amadula phesi lonse n'kulipachika m'chigafa ndi masamba ake omwe. Si tsamba lokongola. Lili ndi mitsempha yoonekera, ndi lokhakhala m'zala, ndipo mtundu wake sufanana paliponse. Koma palibe tsamba lina limene limandipatsa kutsekemera ngati kwake. Mukangoika cigar pamilomo musanayatse, mumamva ngati mphesa zouma ndi chokoleti chakuda, ndipo mukayatsa pamabwera fungo la dothi lonyowa pansi pa kutsekemerako. Liga Privada No. 9 ya Drew Estate, imene inatuluka mu 2007, ndi chitsanzo chodziwika: kunja ili ndi Broadleaf, lomangira ndi Mata Fina ya ku Brazil, ndipo m'kati muli fodya wa ku Honduras ndi Nicaragua. Utsi wake ndi wochuluka moti umatuluka ngakhale cigar itagona pa mbale ya phulusa.

San Andrés imachokera ku dera la San Andrés Tuxtla m'chigawo cha Veracruz ku Mexico, kumene dothi lake ndi lochokera ku mapiri ophulika. Kwa ine imeneyi ndi youma pang'ono palilime poyerekeza ndi Broadleaf. Imakoma ngati ufa wa koko wopanda shuga, ndi khofi wokazingidwa kwambiri, ndiponso kakukoma kena ka mchere wa m'nthaka kamene kamatsalira kumbuyo kwa lilime. Oliva Serie V Melanio Maduro imavala tsamba limeneli. Masamba a ku Brazil, Mata Fina ya ku Bahia ndi Arapiraca ya ku Alagoas, ali ndi kutsekemera kwawo kofatsa. Tsamba lakuda la ku Nicaragua ndilo limabwera ndi tsabola wambiri, makamaka pa inchi yoyamba.

A Mwale:
Mayi Nabanda, mwandikumbutsa Arturo Fuente Añejo, imene mbiri yake imaonetsa zimene tsamba lakunja limachita. Mu 1998 mphepo yamkuntho ya Georges inawononga zigafa ku munda wa banja la Fuente ku Dominican Republic, kumene amalima tsamba lakunja la cigar yawo yotchedwa OpusX. Tsamba limenelo litachepa, iwo anaveka fodya wawo wamphamvu wa m'kati tsamba la Connecticut Broadleaf lokhalitsa m'migolo ya cognac, ndipo Añejo inatuluka mu 2000. Amene anasutapo zonse ziwiri amadziwa kuti mphamvu ilipo konsekonse, koma Añejo imafika mozungulira, ndi kutsekemera kwakuda kumene kumabisa ukali wake mpaka mutaimirira pampando.

A Phiri:
Zikomo nonse, nkhaniyi yayamba kundimvekera. Ndiye ngati tsamba lakunja lili ndi gawo lalikulu chotere pa kukoma, kodi kunenepa kwa cigar kuli ndi kanthu? Ndimaona anthu ambiri masiku ano akuthamangira zonenepa kwambiri.

A Mbewe:
Kuli ndi kanthu kwambiri, achimwene. Kunenepa kwa cigar kumayezedwa ndi ring gauge, ndipo nambala iliyonse ndi gawo limodzi la magawo 64 a inchi. Robusto nthawi zambiri imakhala mainchesi 5 ndi ring 50, toro mainchesi 6 ndi ring 50 kapena 52, corona pafupifupi mainchesi 5.5 ndi ring 42, pamene lancero ndi yaitali, mainchesi 7.5, koma ring yake ndi 38 yokha. Cigar ikanenepa, masamba a m'kati amachuluka mofulumira kuposa tsamba lakunja, motero mawu a tsamba lakunja amachepa mu utsi. Ngati mwalipira chifukwa cha Broadleaf kapena San Andrés yovundikidwa bwino, n'chifukwa chiyani mukufuna kuimiza mu ring 60? Ine pa maduro ndimasankha pakati pa 44 ndi 52. Yonenepa ili ndi ubwino wake, poti imayaka mozizira ndipo imakhululukira munthu wokoka pafupipafupi, koma mumataya chinthu chomwe chija munachitsata.

A Mwale:
Popeza tafika pa kapangidwe, ndifotokoze zimene ndimayang'ana ndisanadule. Choyamba ndimaigudubuza pang'onopang'ono pakati pa chala chachikulu ndi cholozera kuchokera kumutu mpaka kunsonga yoyatsira. Iyenera kulimba mofanana ponseponse ndi kubwerera pang'ono mukaisindikiza. Pamene pali polimba ngati mwala pamatseka mpweya, ndipo pamene pali pofewa pali dzenje limene lidzapotoza moto. Ndimayang'ananso kumutu kuti ndione mizere ya kachipewa. Zopangidwa mwa njira ya ku Cuba zimakhala ndi mizere itatu, ndipo podula muyenera kusiyako mzere kuti tsamba lakunja lisamasuke.

Pa cigar yamphamvu, luso la wokulunga limaonekera pa malo amene waika ligero. Tsamba limeneli limachedwa kuyaka, choncho liyenera kukhala pakatikati penipeni, lozunguliridwa ndi masamba oyaka msanga. Mukagwetsa phulusa koyamba yang'anani khala. Likakhala losongoka pang'ono, pakati patatsogola, ndiye kuti zinthu zili m'malo mwake. Likasongoka kwambiri ngati mkondo ndiye kuti mukukoka mofulumira. Moto ukalowa m'kati n'kusiya tsamba lakunja lisanapse, kapena ukathamanga mbali imodzi, ndiye kuti ligero inapendekera kumbali, kapena chinyezi sichinafanane m'kati ndi kunja. Opanga ena amakulunga tsamba lililonse la m'kati palokha ngati kapaipi asanawamange pamodzi, njira yotchedwa entubado. Imatenga nthawi koma mpweya umadutsa bwino kwambiri. Mafakitale ambiri masiku ano amayesanso mpweya ndi makina, mtolo utachoka m'chikombole, asanaveke tsamba lakunja.

Chinanso, musaiweruze mwankhanza Broadleaf chifukwa cha mzere wa moto wokhotakhota. Tsamba lokhuthala ndi lamafuta silipsa molunjika ngati tsamba lopyapyala, ndipo kawirikawiri limadzikonza lokha mukaleza mtima n'kutembenuzira pansi mbali yochedwayo.

A Nabanda:
Achimwene a Mwale, bwanji za masamba odetsedwa mwachinyengo? Ndikuganiza kuti a Phiri ayenera kuzidziwa.

A Mwale:
Zilipo ndithu, achemwali. Kuvundika kwenikweni kumadya miyezi yambiri, ndiye pali ena amene amafupikitsa njira pophika masamba ndi nthunzi, ndipo ena amachita kuwapaka zodetsa. Maduro yachilengedwe mukaiyang'ana pa kuwala kwa dzuwa siikhala yakuda mofanana paliponse. Mumaona bulauni wakuda, pena pofiirira, ndipo pafupi ndi mitsempha mtundu umasintha. Ikakhala yakuda ngati makala kuchokera kumutu mpaka kunsonga, n'kusiya utoto wambiri pamilomo ndi m'zala, ndimaikayikira. Komabe tisafulumire kuimba mlandu, chifukwa tsamba lamafuta ambiri likanyowa limathanso kusiya kabulauni pang'ono. Umboni waukulu uli palilime. Tsamba lophikidwa mwachangu limakhala ndi mtundu koma kukoma kwake ndi kosazama, ndipo nthawi zina limawawa ngati chinthu chopserera.

A Phiri:
Pa kuwawa pomwepo ndili ndi funso. Kawirikawiri maduro yamphamvu imandikomera kwambiri pa magawo awiri oyamba mwa atatu, koma ikafika gawo lomaliza imasanduka yowawa ndi yotentha, ndipo kutsekemera konse kuja kumathawa. Kodi ndi mmene zimakhalira, kapena pali chimene chingachitike?

A Ngozo:
Kuti gawo lomaliza likhale lamphamvu kuposa loyamba ndi chilengedwe chake, popeza utsi wonse umene mwakoka wadutsa m'fodya wotsalayo n'kusiyamo phula, chinyezi ndi chikonga. Koma kuwawa kolusa kumapeweka. Chachikulu ndi liwiro. Kokani kamodzi pa mphindi, mwina kuchedwerapo, ndipo kokani mofatsa kuti khala lisayake mowala kwambiri. Toro yamphamvu iyenera kukutengerani ola limodzi ndi theka kapena kuposerapo. Ikayamba kuwawa, gwetsani phulusa, ikani moto wa laita kunsonga n'kuuzira mpweya kudzera mu cigar kwa kanthawi kochepa kuti utsi wakale utuluke, kenako ipumitseni mphindi ziwiri. Yang'ananinso kumutu. Ngati mwadula kabowo kakang'ono kwambiri, phula limasonkhana pamenepo n'kufika palilime, ndipo dontho limodzi lokha limawononga zonse. Pa maduro yamafuta ine ndimadula molunjika ndi chodulira chakuthwa kusiyana ndi kuboola kabowo.

Kenako pali chinyezi cha mu humidor, bokosi losungiramo cigar. Lamulo lakale limati 70 peresenti pa madigiri 21 a Celsius, koma tsamba lokhuthala limasunga madzi ambiri, ndipo pa 70 limavuta kuyaka, zomwe zimakukakamizani kukoka mwamphamvu. Maduro zanga ndimazisunga pa 65. Tsiku loti ndisute ndimatulutsa imodzi m'mawa n'kuiika m'bokosi louma la cedar mpaka madzulo.

A Mbewe:
Pa 65 tikugwirizana, koma ndichenjeze kuti kutsika kwambiri kumathetsa mafuta ndi fungo, ndipo tsamba lakunja limayamba kusweka podula. Kutentha nakonso kuyang'aniridwe, chifukwa kukakwera kupyola madigiri 22 kapena 23 kwa masiku ambiri, mazira a kachikumbu ka fodya amatha kuswa, ndipo mudzapeza timabowo tozungulira pa cigar zanu zabwino.

Tsopano ndilowe pa chakumwa, ndipo ndinene mosabisa kuti ine ndine wa whisky. Cigar yamphamvu imafuna chakumwa champhamvu chimene sichingaphimbidwe. Whisky ya ku chilumba cha Islay ku Scotland, monga Lagavulin kapena Laphroaig, ili ndi fungo la utsi lochokera ku peat, dothi la zomera zovunda limene amaliotcha poumitsa chimera, ndipo imaima nayo maduro maso ndi maso popanda kugonja.

A Nabanda:
Apa ndiye tasiyana, achimwene a Mbewe. Kuima maso ndi maso n'kumene ine sindikufuna. Chimene chimapangitsa maduro yamphamvu kukhala yapamwamba ndi chakuti kutsekemera kwa tsamba lakunja kumagwira ukali wa ligero kuti usalase, ndipo kutsekemera kumeneku n'kosachedwa kutayika. Mukathira utsi wa peat pamwamba pa utsi wa fodya, lilime limangomva utsi wokhawokha, koko uja ndi mphesa zouma zija zimasowa, ndipo chotsala ndi tsabola ndi phulusa. Mowa waukali kwambiri umachititsanso dzanzi palilime, moti pofika pakati pa cigar simungathenso kusiyanitsa zimene wosakaniza fodya anavutikira zaka.

Ine ndimamwera khofi. Espresso kapena khofi wakuda wokazingidwa bwino amakumana ndi San Andrés pamalo amodzi, ndipo kuwawa kwa khofi kumachititsa kuti kutsekemera kwa fodya kumveke kwambiri mukakokanso utsi. Ndi Broadleaf yotsekemera kale ndimamwa khofi wopanda shuga. Ndi tsamba la ku Nicaragua la tsabola wambiri ndimathirako mkaka pang'ono, chifukwa mafuta a mkaka amaziziritsa kulasa kuja. Chenjezo lake ndi lakuti khofi wambiri pamodzi ndi chikonga chambiri zimathamangitsa mtima, choncho kapu imodzi yaing'ono ndi tambula ya madzi pambali n'zokwanira.

A Mbewe:
Achemwali, simukuona kuti khofi ndi maduro n'zofanana mopyola? Ngati cigar ikukoma khofi, ndipo m'kapu mulinso khofi, mwapindula chiyani? Ine ndimafuna chakumwa chobweretsa chinthu chimene mu cigar mulibe.

A Ngozo:
Nonse awiri mwagwira mbali ya choonadi, koma pa peat ndili kumbali ya mayi Nabanda. Chakumwa chingathe kufanana ndi cigar kapena kusiyana nayo, ndipo njira zonsezi zimagwira ntchito malinga ngati chikusiyira fodya malo. A Mbewe, ngati mukufuna whisky, yesani bourbon. Lamulo la ku America limati ipangidwe ndi chimanga chosachepera 51 peresenti ndipo ikhale m'migolo yatsopano ya oak yowauka m'kati, ndipo n'chifukwa chake imakoma vanila ndi shuga wopsereza. Zimenezi mu maduro zambiri mulibe mokwanira, ndiye mwapeza kusiyana kumene mukufuna popanda kuphimba fodya. Ikakhala yaukali kwambiri thiranimo madontho a madzi.

Koma chimene ine ndimabwererako nthawi zonse ndi rum yokhalitsa m'migolo. Imachokera ku nzimbe, ndipo yambiri imapangidwa m'maiko omwewo amene amalima fodyayu, monga Flor de Caña ya ku Chichigalpa ku Nicaragua kapena Zacapa ya ku Guatemala. Mukamwa pang'ono, n'kudikira kuti moto wa mowa uzilale, kenako n'kukoka utsi, mumamva kutsekemera kwa rum kukulumikizana ndi kwa tsamba lakunja, ndipo tsabola wa ligero amabwera pambuyo ali wofewa. Sankhani malinga ndi tsamba. Flor de Caña ndi youma ndipo imayenda ndi Broadleaf, pamene Zacapa ndi yotsekemera kwambiri ndipo imathandiza San Andrés youma ija.

A Mwale:
Pasaiwalike mowa wakuda wa stout, makamaka imperial stout, umene chimera chake chokazinga chimakoma khofi ndi chokoleti, ndipo thovu lake limatsuka mafuta a utsi palilime. Vinyo wa port wa mtundu wa tawny wochokera ku chigwa cha Douro ku Portugal amayendanso bwino, koma tambula yaing'ono. Sherry ya Pedro Ximénez ya ku Spain kwa ine ndi yotsekemera mopyola, imamata pakamwa. Vinyo wofiira wouma sindimulimbikitsa, chifukwa kuthetha kwake kukakumana ndi utsi kumasiya pakamwa pouma ndi powawa. Kwa amene samwa mowa, madzi ozizira a thovu ndi kachidutswa ka chokoleti chakuda cha koko 70 peresenti n'zokwanira bwino lomwe. Ndipo cigar imene mukuisuta koyamba, imwereni madzi okha kuti muidziwe kaye payokha.

A Nachisale:
Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ndikufuna kuwonjezera mbali ya thupi popeza tikukamba za cigar zamphamvu zenizeni. Utsi wa cigar umalowetsa chikonga kudzera m'khungu la m'kamwa, motero chimafika m'magazi ngakhale simukumeza utsi. Cigar imodzi yaikulu ingakhale ndi fodya wochuluka ngati wa m'paketi yathunthu ya ndudu. Amene asuta ligero yambiri m'mimba mulibe kanthu amayamba thukuta lozizira, chizungulire ndi nseru. Idyani kaye chakudya chokwanira, khalani pansi, ndipo zizindikirozi zikayamba ikani cigar pansi nthawi yomweyo, mwani madzi ndi kanthu kotsekemera, mupume mpweya wabwino. Ndinenenso mosapita m'mbali kuti kusameza utsi sikuchotsa ngozi. Cigar imayambitsa khansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya kum'mero, ndipo kuphatikiza fodya ndi mowa kumakweza ngoziyo kuposa chimodzi pachokha. Aliyense pano ndi wamkulu wosankha yekha, koma asankhe akudziwa, ndipo utsi wake usafike kwa ana kapena kwa anthu amene sanaufune.

A Ngozo:
Mayi Nachisale, mwanena zofunika ndipo palibe chotsutsa. Ndiwonjezere kuti maduro yabwino imanyenga pa mfundo yomweyi, chifukwa kutsekemera kwake kumabisa mphamvu, ndipo munthu amazindikira mochedwa. Mitundu ngati Double Ligero ya La Flor Dominicana, kampani ya Litto Gomez, imanena poyera pa dzina lake zimene zili m'kati, ndipo si yoyambira munthu watsopano.

A Phiri:
Ndamva, ndipo ndathokoza kwambiri, mayi. Nanga za ku Cuba? Palibe amene wazitchula, chonsecho anthu amati fodya wabwino ndi wa kumeneko.

A Mbewe:
Ku Cuba maduro ndi zochepa. Cohiba Maduro 5 inatuluka mu 2007 m'misinkhu itatu, Genios, Mágicos ndi Secretos, ndipo nambala 5 ikuimira zaka zisanu zimene tsamba lakunja limasungidwa. Partagás Maduro No. 1 inabwera mu 2015. Tsamba lawo silida kwambiri ngati Broadleaf, ndipo kwa ine mphamvu yake siifika pa ya ku Nicaragua yodzaza ligero. Ndi zokoma, koma amene akufunafuna maduro yaukali weniweni amaipeza kwambiri ku Nicaragua, Honduras ndi Dominican Republic.

A Nabanda:
Ndibwerere pang'ono pa kakomedwe, chifukwa pali chinthu chimene sitinachitchule ndipo popanda icho theka la zimene takambazi silimveka. Lilime palokha limamva zochepa, monga kutsekemera, kuwawa, mchere ndi kuwawasa. Koko, chikopa, cedar ndi mphesa zouma zimamveka m'mphuno. Mukakoka utsi, tulutsani wambiri pakamwa, ndipo kotsala pang'onoko tsekani milomo n'kukakankhira m'mphuno mofatsa, osameza. Pa cigar yamphamvu musayese zimenezi pa inchi yoyamba, poti tsabola amakhala pachimake ndipo misozi imatuluka. Dikirani kuti phulusa litalike pafupifupi inchi, pamene utsi wazizira ndipo cigar yakhazikika, ndiyeno yesani kamodzi pa kukoka kanayi kapena kasanu. Apo m'pamene mudzasiyanitse Broadleaf ndi San Andrés mutatseka maso.

A Phiri:
Ndiyesa zimenezo, achemwali. Funso langa lotsala ndi la kusunga. Ndikagula bokosi la maduro yamphamvu, ndiyambe kusuta nthawi yomweyo kapena ndilisiye ligone?

A Ngozo:
Likangofika lipatseni milungu iwiri kapena inayi mu humidor kuti chinyezi chifanane m'kati ndi kunja, makamaka ngati layenda ulendo wautali. Mukatsegula n'kumva fungo lolasa la ammonia, ndiye kuti fodya akadagwirabe ntchito, lisiyeni miyezi ingapo. Kupyola apo zimadalira mtundu. Padrón amasunga fodya wawo zaka zingapo asanakulunge, zinayi pa 1964 Anniversary Series ndi zisanu pa Serie 1926 imene inatuluka mu 2002, choncho zimafika zili zokonzeka. Zina zodzaza ligero yosakhalitsa zimapindula ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, tsabola amatsika ndipo kutsekemera kumabwera patsogolo, koma zikakhalitsa kwambiri mphamvu imene munazigulira imayamba kuzilala. Sutani imodzi pakatha mwezi, ina pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ina pakatha chaka, ndipo muzilemba zimene mwamva kuti mudziwe pamene bokosilo lafika pokoma kwa inu. Muzisiyanitsenso ndi cigar za tsamba lofiirira, kaya ndi kathabwa ka cedar kapena pozisiya m'mapepala awo a cellophane, chifukwa fungo la maduro ndi lamphamvu ndipo limalowerera zinzake zikagundana kwa miyezi yambiri.